Pampu Imene Inalephera Kuwoloka Mtsinje

Inu ana anga, Tisa ndi Yohane, pamodzi ndi adzukulu amene mudzawerenge izi ine kulibe: amanu akuti ndikamalemba ndizichepetsako mchere. Ndawayankha kuti m'mutu uno mulibe mchere ngakhale wa pa nsonga ya supuni. Zonse ndinaziona ndi maso anga. Mboni zilipo, kungoti zambiri zagona kumanda a ku mishoni, ndipo aliyense ali ndi ufulu wopita kukazifunsa.

Zaka za ku Chalimbana

Ntchito yanga yoyamba ya malipiro inali pa famu ina kufupi ndi Chalimbana. Ndinachoka kwathu ku Katete ndi tharauza limodzi ndi laisensi ya thirakitala, ndipo pa ziwirizi chimene ndinkachisamala kwambiri chinali laisensi. Kapitawo wathu, a Mumba, anali munthu wosunga mawu ngati shuga. Akati "hmm" ndiye kuti mwalima bwino. Akati "hmm hmm" yambani kufunsa ntchito kwina. Zinali zaka zosowa zinthu. Sopo kulibe, mafuta ophikira kulibe, dizilo timachita kumununkhiza. Tayala lina la kutsogolo tinaliika zigamba mpaka zigambazo zinayamba kufuna zigamba zawo, ndipo tsiku lina titalivula tinapeza kuti tayala lenilenilo linatha kalekale, takhala tikuyendera zigamba zokhazokha. Ndikulumbira. A Mumba analiyang'ana nati "hmm", tinalibwezera pomwepo.

Pa famu imeneyo ndi pamene ndinakwatira amanu. Famuyo itagulitsidwa, eni ake atsopano anabwera ndi anthu awo, ine ndinamva kuti ku mishoni ya Akatolika, njira ya ku Bundabunda, akufuna woyendetsa thirakitala.

Kufika ku mishoni

Bwana wanga watsopano ndinayamba kumuona mapazi. Anali atagona chagada pansi pa thirakitala, kunja kwangotsala nsapato zazikulu ngati mabwato. Ndinati odi, ndipo pansipo panatuluka mawu a Chinyanja chozama, chija chimene ngakhale kwathu ku Katete chinatsala ndi okalamba okha: "Ndani ameneyo wanditsekera kuwala?" Atatuluka ndinaona kuti ndi mzungu, wamtali, ndevu zili girizi yekhayekha. Amenewa anali a Bulazala Remi a ku Canada. Anabwera ku Zambia ali mnyamata, pa sitima ya pamadzi, iwo pamwamba, thirakitala pansi.

"Umamwa?" anandifunsa.

"Pang'ono chabe, Bulazala."

"Thirakitala iyi imamwa kwambiri. Zidakwa ziwiri mishoni siingakwanitse. Sankhani pakati panu."

Ndinasiya mowa tsiku lomwelo, kupatula pa Khirisimasi, pa maukwati ndi masiku ena amene sindikuwakumbukira bwino.

Thirakitalayo anthu ankaitcha Chifuwa, chifukwa isanalire inkayamba yatsokomola. Utsi wake unkapha udzudzu kuyambira pa galaja mpaka pa sukulu, moti kiliniki ya mishoni inkadziwa kuti Chifuwa wawonongeka ikaona odwala malungo achuluka. Koma akagwira nthaka, ana anga, munthu unkavula chipewa. Dothi louma ngati njerwa linkatembenuka ngati likuchita manyazi. Ndayendetsa zaka zonsezi, koma sindinazolowere kuona chitsulo chikuchita m'mawa umodzi ntchito imene banja lonse limagwira mwezi.

Kenaka kunabwera denkete, matenda a nkhupakupa aja, natha ng'ombe m'makola a anthu. Amene ankalima ndi ng'ombe zinayi anatsala ndi goli lokha. Kuyambira pamenepo Chifuwa anakhala ng'ombe ya midzi yonse yozungulira mishoni. Lamulo la a Bulazala linali losasintha: minda ya amayi amasiye poyamba, ya ena pambuyo, wa mishoni pomalizira. Ansembe ankabwera ndi kupita, ena ankadandaula kuti munda wa mishoni umabzalidwa mochedwa, koma a Bulazala ankangoloza kumwamba ndi sipanala n'kunena kuti, "Kadandauleni kwa Mwini munda." Ine ndinkayendetsa, iwo ankakonza. Tinakalamba limodzi, iwo patsogolo, Chifuwa pakati, ine pambuyo.

Chaka chimene Chifuwa anaima

Zinachitika titangomaliza kututa chimanga. Chifuwa anatsokomola pakati pa msewu, nakhala chete. A Bulazala anatsegula, napeza kuti pampu ya dizilo yang'aluka. Ndi chitsulo chachikulu ngati papaya, koma popanda icho thirakitala ndi chisa cha nkhuku. Ndinazungulira Lusaka yense nayo m'thumba. Anyamata a m'masitolo a masipeya ankaitanizana kudzaiona, wina anaijambula ndi foni kuti akaonetse atate ake.

Nthawi yomweyo a Bulazala nawonso anali akung'aluka. Manja ankanjenjemera, shuga atawavuta, ndipo Lamulungu lina anagwa pa mzere wa Ukaristia. Akuluakulu a chipani chawo analamula kuti abwerere ku Canada, ku nyumba imene amasungirako abulazala okalamba. Amene anawauza ndi bambo mfumu wathu, Bambo Mwale, wansembe wachinyamata wa mtima wabwino. Ine ndinali pomwepo, ndikutsuka mabawuti.

"Ndidzapita Chifuwa akadzuka," anatero a Bulazala. "Sindisiya maliro m'galaja."

"Tagwirizana," anatero Bambo Mwale, napereka dzanja. Potuluka anandinong'oneza kuti, "Ba Sakala, masiku ano kuli intaneti. Ni nkhani ya masabata chabe."

Madzulo ake anandiitana ku ofesi nditanyamula pampu yakufayo. Anawerenga nambala ya pa chitsulocho, naitayipa pa kompyuta. Ana anga, inu munabadwira m'zinthu zimenezi, simungamvetse. Ndisanamalize kukhala pa mpando, pampu ija inatulukira pa galasi, yatsopano, yonyezimira, ikuzungulira yokha pang'onopang'ono ngati mkwatibwi akuonetsa diresi. Ine amene ndinathera nsapato mu Lusaka kufuna chinthu chimenechi! Ndinazungulira kuseri kwa kompyuta kukaona ngati pali munthu waigwirizira. Pansi pake panali mapampu ena, pansi pa amenewo mapulawo, matayala, mipando ya thirakitala yokhala ndi poika kapu. Bambo Mwale anati sitolo imeneyi ili ku America, ndipo siitseka, ilibe chitseko n'komwe. Ndinachita chizindikiro cha mtanda.

Atafika polemba kumene katundu apite, kompyuta inakana Zambia. Sitinadabwe. Ifenso tikanakhala kompyuta tikanayamba taganiza. "Palibe vuto," anatero Bambo Mwale. "A Bulazala ali ndi mwana wa mlongo wawo ku Canada. Canada ndi America ndi khomo ndi khomo."

Miyezi ya mphepo

Mwana wa mlongo wawoyo dzina lake ndi Luwiza, mayi wa imvi zake, mphunzitsi wopuma. Tinkalankhula naye pa foni ya vidiyo, a Bulazala akumasulira. Tsiku loyamba anatembenuzira foni pa zenera la khitchini yake kuti tione. Kunsi kunali mtsinje, tsidya lake nyumba ndi magalimoto. "Uko ndiye ku America," anatero. Munthu wa maso abwino akanatha kuwerenga zovala zoyanikidwa tsidya linalo.

Luwiza anaitanitsa pampu. Sitolo inati ku Canada siitumiza. Anayesa kulemba adiresi ya mnzake wa tsidya lija. Sitolo inakana khadi yake ya ku banki, akuti khadi ndi ya ku Canada pamene adiresi ndi ya ku America, ndiye kuti mwina ndi wakuba. Anaimba foni, anayankhidwa ndi makina aulemu kwambiri amene anamupepesa mphindi zambirimbiri, n'kumuimbira nyimbo, n'kudula.

"Bulazala, afunseni," ndinatero. "Kodi maiko awiriwa ali pa nkhondo?"

"Akuti ayi, ndi abwenzi apamtima."

"Nanga pa mtsinjepo palibe wa bwato?"

"Pali mlatho waukulu, magalimoto usana ndi usiku."

"Ndiye chikuletsa pampu n'chiyani? Ilibe pasipoti?"

A Bulazala anaseka mpaka kutsokomola. Koma ine sindinkaseka, ndinali wozizwa. Kwathu kum'mawa malire timawadziwa. Amalume anga nyumba yawo inali ku Zambia, chimbudzi ku Mozambiki, moti ankatuluka m'dziko kawiri pa tsiku, nyengo ya mango kangapo, ndipo palibe anawafunsapo khadi. Tsono apa anthu amene anakwanitsa kuika sitolo yathunthu m'kati mwa galasi akulephera kuwolotsa papaya wachitsulo pa mtsinje umene akuuona pa zenera. Ndinaona kuti nzeru zikachuluka kwambiri zimayamba kupondana zokhazokha.

Luwiza anapeza sitolo yachiwiri imene inavomera. Apa ndinaona chodabwitsa china: katundu ukhoza kumutsatira pa foni, kadontho kakuyenda pa mapu. M'mawa uliwonse tisanayambe ntchito tinkapita kwa Bambo Mwale kukaona pamene pampu yagona. Tsiku loyamba inanyamuka, koma m'malo molunjika kumpoto kwa Luwiza inalowera kum'mwera. Inakagona mzinda wina, n'kupita kumadzulo, n'kubwerera kumene inachokera ngati yaiwala chipewa. Pampu imeneyo inaona America kuposa pulezidenti wawo. Itafika pa malire kadontho kanaima, ndipo kanaima nthawi yaitali moti katekisiti wathu anafunsa ngati tingakaike m'mapemphero a okhulupirira.

Pomaliza inafika pakhomo pa Luwiza, itanyamulidwa ndi mwamuna wa yunifomu amene anakana kuisiya asanalandire msonkho, ndalama ya munthu amene analemba pepala la msonkho, ndi msonkho wa ndalama ya munthu amene analemba pepala la msonkho. Luwiza analipira, natsegula bokosi ife tikuonerera. Ine ndinakweza pampu yakufa pafupi ndi foni, iye anakweza yatsopano. Mabowo a mabawuti anali mbali yosiyana. Zinapezeka kuti thirakitala za mtundu umenewu zogulitsidwa ku America zinali ndi pampu yakeyake, za ku Canada yakenso. Atafuna kuibweza, sitolo inati imalandira zobwezedwa zochokera m'dziko lawo mokha. Pampu ija inavutika kulowa, tsopano sikanathanso kutuluka. Ndikumva kuti mpaka lero Luwiza amatsekera nayo chitseko cha galaja kuti mphepo isachimenye.

Pa miyezi yonseyi panali munthu mmodzi amene ankanenepa. Uthenga woipa ukafika kuchokera ku Canada, a Bulazala ankawonjezera mbale. Anayambanso kuimba nyimbo za Chilatini m'galaja, akunola makasu a pulawo amene analibe chowakoka. "Anthu a kwathu ndi a dongosolo, Sakala," ankatero, maso akuwala. "Sachita zinthu mothamanga."

Okutobala

Dzuwa linafika poti nkhuku zinkayenda pakamwa pali yasa. Anthu anayamba kusosa m'minda, ndipo aliyense wodutsa pa galaja ankasuzumira, n'kupitirira osanena kanthu. Kusanena kanthu kumeneko kunkandilemera kuposa thumba la feteleza.

Luwiza sanatope. Anapeza pampu yoyenera, napezanso njira imene anzake a ku Canada amachitira. Tsidya la ku America, pafupi ndi mlatho, kuli sitolo imene siigulitsa kanthu. Ilibe shuga, ilibe sopo. Imangobwereketsa adiresi yake. Munthu wa ku Canada amagula katundu, n'kulemba kuti amakhala m'sitolomo, ndipo pa mapepala anthu okhala m'kachipinda kamodzi kameneko ndi ochuluka kuposa a m'boma lonse la Chongwe. Luwiza anatijambulira: mashelefu mpaka kudenga, mabokosi okhaokha, aliyense akudikira mwini wake ngati ana pa geti la sukulu. Anawoloka mlatho pa galimoto, anaima pa mzere, anatenga pampu, anaimanso pa mzere, anaionetsa kwa a kasitomu amene anamufunsa ngati ndi bomba kapena mphatso, nafika nayo kunyumba. Mabowo anali mbali yake.

Kunatsala kuitumiza ku Zambia. Makampani onyamula katundu ena anatchula mtengo umene unachititsa Bambo Mwale kuvula magalasi, ena anati ikhoza kufika chaka chatsopano. "Kudikira ndi ukoma wachikhristu," anatero a Bulazala, akusenda nthochi yachitatu.

Kunyumba ndinafotokozera amanu zonsezi. Anali akusankha nyemba, ndipo sanakweze n'komwe mutu.

"Manje kulibe muntu obwera?"

"Obwera kuchoka kuti?"

"Ku Canada kwamene uko. Biti, mwana wa ba Nyirenda ba mu kwaya, si ni nesi kwamene kuja? Abwera ku kicheni pate, phwando ya ukwati wa mufana wake. Nipaseni namba ya uja muzungu."

"Amake Tisa, Canada ni dziko likulu. Siili monga Chongwe yakuti bonse bazibana."

"Nipaseni namba, Ba Sakala. Ukulu wa dziko ni nkhani ya bamuna."

Ndinawapatsa. Inu mukudziwa mmene katundu wa pamanja amayendera kwathu kuno. Wapaulendo akapemphedwa sakana, ngakhale chikwama chitadzaza. Salipidwa, umangomukonzera nkhuku kapena mtedza pobwerera. Palibe pepala, palibe sitampa. Chimene chimayenda ndi dzina: wakuti anapatsa wakuti, wakuti adzapatsa wakuti, ndipo katundu akasowa, dzina la amene anamugwira pomalizira limada mpaka kwa adzukulu ake. Luwiza anatumiza pampu kwa Biti, ndipo popeza m'kati mwa Canada mulibe mtsinje wa mtundu uja, inafika bwinobwino. Biti anatulutsa nsapato zake za pa phwando m'sutukesi kuti pampu ikwane. A Bulazala atamva kuti yaperekedwa kwa mtsikana wosamudziwa, popanda kadontho kotsatira pa foni, anagwedeza mutu mwachisoni chachikulu. "Yatayika imeneyo," anatero, napempha tiyi wina.

Novembala

Mitambo inali itayamba kusonkhana chakum'mawa. Bambo Mwale anali atapita ku m'bindikiro wa ansembe. Tsiku lina masana ndili pakhomo, panaima mwamuna wa njinga, wakuda bii ndi fumbi la makala, akuchokera kogulitsa ku Chongwe.

"Ndimwe Ba Sakala ba thirakita? Katundu wanu uyu. Banipasa ba mayo bogulisa tomato pa siteshoni. Beve banapasiwa na ba dilaiva ba minibasi, ba dilaiva banapasiwa na mwipwa wawo wa ku Canada. Bonse bakupasani moni. Ba tomato bakuti chitenje mubweze."

Inali yokulungidwa m'chitenje, ikununkha kapenta ndi perefyumu. Ndinamupatsa madzi akumwa ndi mbale ya mtedza, ndinamangirira katunduyo pa njinga yanga, ulendo ku galaja.

A Bulazala anamasula chitenje okha. Anaitembenuza, anawerenga nambala, analowetsa chala m'bowo lililonse. Kenaka anaiika pa benchi, nakhala pa chigubu.

"Ndani wina waiona?"

"Palibe, Bulazala. Wa makala sakudziwa kuti n'chiyani."

"Sakala, takhala limodzi kuyambira tsitsi lako lili lakuda. Ndinakupemphapo kanthu?"

"Sipanala, Bulazala. Kambirimbiri."

Sanaseke. "Pita nayo kwanu. Ika pansi pa bedi. Bambo akabwera tidzati inasowa m'njira; zinthu zimasowa. Mpaka Pasaka chabe. Ine sindifika kutali, ndikudzimva. Nyumba imene akufuna kundipititsako ndinaionapo. Kuli kutentha kwa magetsi, kuli supu, kuli amuna okalamba atakhala pa mzere kuyang'ana wailesi ya kanema. Salola ngakhale sikuludiraiva m'chipinda. Chinyanja ndidzalankhula ndi ndani? Malo anga ndinasankha kale kumanda kuno, pafupi ndi mpanda, pamene pamamveka thirakitala ikamadutsa."

Munthu ameneyu ndi amene ananyamula iwe Yohane pa thirakitala yomweyo kupita nawe ku kiliniki pamene unalumidwa ndi njoka. Ndinakulunganso pampu, ndinaimangirira pa njinga, ndinanyamuka kulowera kunyumba.

Njira ya kwathu imadutsa m'mphepete mwa munda wa Amake Lute. Amenewa anali amasiye, ng'ombe zawo zinatha ndi denkete, ana awo awiri anali kumanda, ndipo ankalera adzukulu anayi. Chaka chilichonse pulawo inkayambira kwa iwo. Ndinawapeza akulimbana ndi nthaka ndi khasu la m'manja. Khasu likamenya pansi linkadumpha ngati lamenya mwala. Chiyambire m'mawa anali atagaula malo oti mphasa ziwiri sizingakwane. Ataniona anawongoka pang'onopang'ono, dzanja lili pamsana, nabwera kunjira.

"Ba Sakala, mwachoma bwanji? Odwala ali bwanji ku galaja?"

"Chifuwa akali gone, amai."

"Mvula iyi siizatiyembekeza." Anayang'ana kumwamba, kenaka pa njinga. "Mwagulila ba madamu chitenje? Chabwino ichi. Muli chani mukati, cholema so?"

Ana anga, ndanena zinthu zambiri m'moyo mwanga zimene anthu amakayikira, koma pa njira imene ija ndinafunafuna bodza limodzi laling'ono ndipo silinabwere. Ndikanati ndi papaya. Koma ndikanena kuti pampu inasowa, ndiye kuti Biti amene anasiya nsapato zake ndi wakuba, amalume ake a minibasi ndi akuba, mayi wa tomato ndi wa makala ndi akuba, ndipo amanu ndi amene anawasankha. Ndiponso pamaso panga panali khasu lija, ndi kamalo ka mphasa ziwiri.

"Ni pampu, amai. Ya Chifuwa. Yafika lelo."

Amake Lute anaponya khasu pansi, naimba nthungululu imene inadzutsa agalu mpaka ku Nkomeshya. Kuuza Amake Lute kanthu kunali ngati kulengeza pa wailesi. Ndinatembenuza njinga.

A Bulazala anali akadali pa chigubu paja. Nthungululu anali ataimva. Ndinaika pampu pa benchi, ndinati, "Ndakumana ndi Amake Lute. Andifunsa, ndawauza." Anandiyang'ana ndi maso awo otuwa. Ndinayembekezera kuti andikalipira, ndipo ndinkafuna kuti atero. Iwo anangoimirira, navala ovolosi.

"Sipanala ya thetini," anatero.

Anaimanga okha. Bawuti ikagwa m'manja mwawo ndinkatola n'kuwapatsa, osathandiza kumanga, chifukwa ndinkadziwa kuti salola. Tinamaliza m'mawa mwake, anthu atadzaza pakhomo pa galaja ngati pali ubatizo. Ndinakwera, ndinapotokola kiyi. Chifuwa anatsokomola kamodzi, kawiri, kenaka anabangula, utsi wa miyezi yonse ija unatuluka nthawi imodzi mpaka nkhunda za pa tchalitchi zinagwa pansi zitaledzera. Amayi anavina. Chitsulo chimene chinawoloka mlatho pa galimoto, nyanja pakati pa madiresi, Lusaka pansi pa mpando wa minibasi, chinali kugunda m'mimba mwa Chifuwa ngati chinabadwira momwemo. Nditayang'ana kumbuyo, a Bulazala anali akupukuta masipanala, aliyense n'kumuika pa msomali wake.

Tinalima kwa Amake Lute tsiku lomwelo, ndipo mvula yoyamba inatipeza tili m'munda wachitatu. Masabata otsatira ndinkatuluka m'mawa n'kubwera dzuwa litalowa. A Bulazala sanandilankhulenso, kupatula kutchula nambala za masipanala. Ananyamuka Khirisimasi isanafike. Ndine amene ndinawaperekeza ku bwalo la ndege pa galimoto ya mishoni, Bambo Mwale atakhala kumbuyo akuyesayesa kuyambitsa nkhani za mpira. Pa chitseko anandigwira chanza ngati mlendo, nalowa osacheuka. Pobwerera ndinaimitsa galimoto m'mbali mwa msewu, ndinauza Bambo Mwale kuti ndikufuna kuona tayala. Ndinaliona nthawi yaitali ndithu.

Febuluwale wotsatira

Kunalibe uthenga uliwonse. Chimanga chinakula, ine ndinaonda. Amanu ankati ndinachita zoyenera, ndipo ndinkavomera, koma galaja linali lalikulu kwambiri kwa munthu mmodzi.

Tsiku lina ndikumangirira ngolo kuti ndikatute mchenga, Bambo Mwale anabwera akuthamanga, foni ili m'mwamba. Anali Luwiza. Anatembenuza foni, ndipo ndinaona a Bulazala pa mpando wa matayala, bulangete pa miyendo, ndevu atawameta. Pa zenera kumbuyo kwawo kunali koyera mbee, chipale chofewa chofika m'khosi mwa galimoto. Anali atachepa ngati mwana wa sukulu.

"Sakala."

"Bulazala."

Tinayang'anana. Luwiza anatsokomola, Bambo Mwale anayang'ana kudenga.

"Chimanga cha Amake Lute?"

"Chandipitirira msinkhu, Bulazala. Chamasula kale ngayaye. Adzukulu akusochera m'menemo."

Anagwedeza mutu pang'ono. "Liza injini."

Ndinakwera, ndinapotokola kiyi, Bambo Mwale anayandikiza foni pa injini. Chifuwa anatsokomola, nabangula. Phokoso limenelo linatuluka m'nyumba ya okalamba ku Canada, moti ndinaona chitseko chikutseguka, nesi akulowa manja ali m'makutu, ndi madala awiri a ndodo akusuzumira kumbuyo kwake. A Bulazala anakweza dzanja kuti onse akhale chete. Anatseka maso, anapendeketsa mutu, namvetsera. Anamvetsera nthawi yaitali moti ndinaopa kuti agona.

"Zimitsa!" anakuwa. "Lamba wa fani walekera! Sukumva kulira kumeneko? Miyezi yonseyi wakhala ukuchita chiyani, iwe Sakala? Girizi unathira liti? Madzi a mu batire unawaona? Ndikangochoka pang'ono basi mwasandutsa galaja langa khola la mbuzi!"

Ndinatsika kukagwira lambayo. Anali wolekeradi. Ndinatenga foni kwa Bambo Mwale, ndinaitsamiritsa pa tayala kuti aziona bwino, ndinatenga sipanala yolakwika dala, ndipo ndinayamba kumanga pang'onopang'ono, kuti asamalize msanga kundikalipira.